Mafunso Anu: Kodi tiyambe ndi mjigo kapena malipiro a antchito?

Funso: Ndimayang'anira antchito pa kampani ina yogaya chakudya cha ziweto. Akuluakulu akufuna tikumbire anthu a mudzi woyandikana nafe mjigo, koma antchito akung'ung'udza kuti tikukonda akunja pomwe iwo ndalama za ovataimu sakuziona. Tiyambire pati? Woyang'anira antchito, Lilongwe

Yankho: Yambirani m'nyumba momwemo, akulu. Antchito anu ambiri amakhala m'midzi yomweyo, ndiye zomwe amadandaula pa ntchito zimakafika kwa amfumu inu musanakafike.

Tsegulani mabuku a malipiro kaye. Lamulo la Employment Act la 2000 limati maola wamba a ntchito asapitirire 48 pa sabata. Ola lililonse loonjezera pa tsiku wamba lilipiridwe kamodzi ndi theka, ndipo pa tsiku lopuma kawiri. Vuto limayambira pa kalembera: kapitawo amauza anthu pakamwa kuti atsale, osalemba paliponse, ndipo pakutha pa mwezi umboni palibe. Ikani kaundula woti wantchito ndi kapitawo azisainira tsiku lomwelo. Onaninso za penshoni. Kampani imaika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Kudula 5 peresentiyo koma osatumiza ku kampani yosunga penshoni ndi kuphwanya lamulo, ndipo palibe mphatso yomwe ingakwirire zimenezo.

Madandaulo asamadzere kwa kapitawo yekha, chifukwa nthawi zina wolakwayo ndi iye. Sankhani anthu awiri olandira madandaulo, mmodzi akhale wamkazi. Kuvutitsa munthu pofuna kugona naye ndi mlandu pansi pa Gender Equality Act ya 2013, koma amayi ambiri amangokhala chete ngati wokamuuzayo ali mwamuna yekhayekha.

Tsopano za mjigo. Musasankhe nokha. Pitani kwa amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kenaka ku ofesi ya zamadzi ku khonsolo. Mwina chomwe chikuwasowetsa tulo ndi zimbudzi za pa sukulu, kapena ali kale ndi mjigo wofa wongofuna kukonza, zomwe n'zotsika mtengo kusiyana ndi kukumba watsopano.

Akavomereza mjigo, kumbani m'chilimwe, cha mu Seputembala kapena Okutobala. Nthawi ya dzinja madzi amakhala pafupi, wokumba amaima msanga, ndipo dzuwa likaswa mtengo mjigo umauma. Mu kontilakiti mulembe kuti ndalama yomaliza idzaperekedwa akayesa kuchuluka kwa madzi ndi ukhondo wake. Malowo atalikirane ndi zimbudzi, makola ndi manda. Mjigo umodzi amauwerengera anthu pafupifupi 250. Akachuluka kwambiri, pampu imatha msanga ndipo mikangano pa mzere sikhala patali.

Chomwe makampani ambiri amaiwala ndi moyo wa mjigowo mwambo wopereka ukatha. Pampu ya Afridev, yomwe ndi yofala m'dziko muno, ili ndi timphira ndi tizipangizo tapulasitiki tomwe timaperepeseka ndipo timafuna kusintha pafupipafupi. N'totchipa, koma popanda wotigula mjigo umagona miyezi. Choncho mu bajeti muikemo maphunziro a komiti ya mjigo, masipanala, tizipangizo toyambira, ndi dongosolo loti khomo lililonse lizisonkha kangachepe pa mwezi. Komitiyo idziwanenso ndi mmisiri wokonza mijigo wa m'deralo, pakuti mapaipi akathyokera pansi sizitheka ndi sipanala yokha.