Agogo akudwala kwambiri: kodi m'nthano ya mwana achire?

Mayi wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo, ndipo ndifupikitse zimene walemba. Mayi ake anachoka kumudzi ku Mitundu kudzakhala nawo m'tauni muno chifukwa cha khansa, ndipo achipatala ananena kale kuti chatsala n'kuchepetsa ululu basi. Agogowa amagona chipinda chimodzi ndi mdzukulu wawo wamkazi wa zaka 7, mwana wokonda nkhani za nyama zolankhula ndi zitseko zotulukira kudziko lina. Mayiyu akufuna kumupekera nthano yotere kuti amukonzekeretse. Akufunsa kuti: "Kodi m'nthanomo agogo achire, kuti mwana asamalire usiku? Nanga nkhani zamatsengazi sizimusokoneza mutu?"

Amayi, pepani ndi matendawa. Pa funso loyambalo ndikuti ayi, asachire. M'nthano mwanu namzeze alankhule, mtengo uyende, mtsinje ubwerere kumtunda ngati mukufuna, koma agogo asadzuke pamphasa ali gwa.

Mwana wa zaka 7 ali pa msinkhu wovuta. Odziwa za kakulidwe ka ana amati pakati pa zaka 5 ndi 7 m'pamene mwana amayamba kumvetsa kuti womwalira sabweranso, kuti thupi lake silimvanso njala kapena kuzizira, ndiponso kuti imfa imafikira aliyense. Wanuyo akudziwa kale zambiri kuposa mmene mukuganizira. Ndiye amene amagona pafupi nawo. Amawamva akubuula pakati pa usiku, amaona nsima ikubwerera kukhitchini osaikhudza, amaona amayi akumpingo akulowa mwakachetechete n'kutuluka maso ali ofiira. Chimene akusowa ndi munthu wamkulu womuuza kuti zimene akuonazo n'zoona.

Tsono taganizani nthano imene kamtsikana kolimba mtima kakwera phiri, kathyola tsamba lodabwitsa, agogo amwa n'kuchira. Ikoma usiku umenewo. Koma tsiku limene maliro adzalowe pakhomo, mwanayo adzawerengera yekha: mankhwala analipo, ine sindinakawatenge. Ana a msinkhu uwu amakonda kudziika pakati pa chilichonse. Amatha kukhulupirira kuti agogo anadwala chifukwa tsiku lina anakana kuwatungira madzi, kapena chifukwa anawanenera zoipa mumtima. Maganizo amenewa sawatulutsa pakamwa, amangokhala nawo.

Makolo athu sanazembe nkhani imeneyi. Mukukumbukira ya bilimankhwe ndi buluzi? Chauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akamwalira adzabweranso. Bilimankhwe, ndi kayendedwe kake kaja, anachedwa m'njira, buluzi n'kumupitirira, kukafika ndi uthenga wakuti womwalira wamwaliriratu. Nyama zikulankhula, Chauta akutuma amithenga, zodabwitsa zonse zilimo, koma kumapeto palibe amene akudzuka. Ana anamvera nthano imeneyi pamoto kwa mibadwo yambiri ndipo sinawawononge mutu.

Pa funso lachiwiri m'pamene ndikufuna tikhalitse. Ine zodabwitsa za m'nthano sizindiopsa. Mwana amasiyanitsa bwino "Padangokhala" ndi moyo weniweni, ndipo "Tili tonse" akamayankha amadziwa kuti walowa m'masewera. Chondiopsa ndi nthano yopatsa matenda mwini wake. M'mabuku ambiri a ana ochokera kunja, mfiti ndi chokometsera nkhani chabe, kamayi ka chipewa chosongoka kamene aliyense amadziwa kuti kulibe. Kwathu kuno sizili choncho. Munthu akadwala nthawi yaitali, manong'onong'o amayamba, ndipo amene amalozedwa zala kawirikawiri ndi okalamba anzawo a agogo omwewa, nthawi zina ngakhale ana. Tamva kangati za nkhalamba zomenyedwa kapena kuthamangitsidwa pamudzi maliro akachitika? Lamulo la mu 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma kumaliro anthu sakumbuka lamulo. Choncho m'nthano mwanu musakhale wolodza. Musakhale lichero louluka, kadzidzi wolira padenga, fisi wodikira kuseri kwa nyumba, kapena mayi wansanje wa nyumba yoyandikana. Matendawo akhale matenda basi, ndipo mwana amve dzina lake: khansa. Mumuuzenso kuti sipatsirana, chifukwa ana ena amasiya kukumbatira wodwala poopa kutengera.

Nanga matsengawo agwire ntchito yanji? Ndikupatseni chitsanzo chimene ndapeka, muchisinthe mmene mungafunire.

Pansi pa bedi la agogo pali sutikesi yachitsulo imene anabwera nayo kuchokera kumudzi. Usiku wina kamtsikana kaitsegula, kachotsa zitenje chimodzichimodzi, ndipo pansi penipeni kapeza kanjira kolowera m'munda wa chimanga. Katsata kanjirako n'kukafika padambo, pamene kakumana ndi mtsikana wa msinkhu wake, wa mpata pamano ndi kaseko kofanana ndendende ndi ka agogo. Ndi agogo ali mwana. Uyu sadwala, amathamanga kuposa mdzukulu wake, amamugonjetsa pa phada, amadziwa chulu chotuluka ngumbi ndi bowa woyenera kuzula. Namzeze ndiye amawalondolera njira. Kamtsikana kafunsa namzezeyo kuti, "Mankhwala a agogo ali kuti?" Iye ayankha kuti, "Ine ndimadziwa njira zokha. Mankhwala ochiza kulibe, ndipo palibe amene wawabisa." Usiku uliwonse kamtsikana kabwerako ndi kanthu: nyimbo yopondera pamtondo, mwambi, dzina la agogo awo a agogo. Koma tsiku ndi tsiku kanjira kaja kakufupika, chifukwa mwini sutikesi akutopa. Usiku womaliza awiriwa ayenda mpaka pamtsinje. Monga timachitira poperekeza mlendo, woperekeza amafika pena pake n'kubwerera. Agogo awoloka, mdzukulu abwerera. M'mawa sutikesi ili ndi zitenje zokhazokha, koma nyimbo ija akuitha yonse.

Mwaona kuti mwanayo ali ndi ntchito m'nthanomo, ndipo ndi ntchito imene angaikwanitse. Sakuchiza munthu. Akutola zinthu ndi kuperekeza.

Ndipo musaipeke nokha. Ngati agogo akutha kulankhula, makamaka nthawi imene mankhwala oletsa ululu agwira, ndiwo adzaze dambolo: ankasewera chiyani, ankaopa ndani, mvula yoyamba ikagwa ankachita chiyani. Agogo ndi mdzukulu amamasukirana kuposa mmene inu ndi mwana wanu mungachitire. Amanyozana moseka, amabisirana chiponde, amauzana zimene inu simuzimva. Yatsani foni mujambule mawu awo, ngakhale akhale otsika. A National Library Service, bungwe loyang'anira nyumba zowerengeramo mabuku, anayendapo m'midzi kujambula nthano za akuluakulu kuti zisatayike, ndipo zimene iwo anachitira dziko inu mukhoza kuchitira banja lanu ndi foni ya m'manja. Mukajambula, tumizaninso kwa m'bale wina. Mafoni amabedwa mu minibasi.

Samalani ndi mawu athu ozungulira aja. Akuluakulu timamvana tikati "atisiya", "atsogola" kapena "agona". Mwana amatenga mawu mmene alili. Mukati agona, akhoza kuopa kugona, kapena kuopa inu mukagona. Mukati apita kutali, azidikira pageti. Nenani kuti agogo adzamwalira, thupi lawo lidzasiya kugwira ntchito, ndipo sadzamvanso ululu. Zimene banja lanu limakhulupirira za kumene munthu amapita, muuzeni panthawi yakeyake, inu muli ndi nkhope ya mayi ake osati ya wofotokoza nthano. Nthanoyo muitseke monga mwa mwambo, "Kaphuleni mbatata", iye ayankhe "Yapserera", kuti adziwe pamene yathera.

Za kulira usiku, alira ndithu. Ndi nthano kapena popanda nthano, alira. Musadabwenso akalira mphindi zochepa kenako n'kuthamangira panja kukasewera fulaye, chifukwa chisoni cha ana chimabwera n'kupita, n'kubweranso. Akhoza kukodza pogona, kukukakamirani, kapena kufunsa funso limodzimodzi kakhumi. Auzeni aphunzitsi ake zimene zili pakhomo. Zikapitirira, monga kukana kudya kapena kusagona kwa masabata angapo, lankhulani ndi anamwino amene akusamalira agogo, kapena imbani pa 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Simunafunse za maliro, koma funsoli likubwera, ndipo achibale adzagawanika. Ena adzati mwana akasungidwe kwa anansi. Ine ndikuti mumufotokozere zimene adzaone: bokosi, anthu ogona panja, kulira mokweza, ulendo wa ku Mitundu. Kenako mumufunse ngati akufuna kupita. Akafuna, pezani azakhali kapena msuweni wamkulu woti akhale naye nthawi yonse ndi kuchoka naye akatopa, chifukwa inu tsiku limenelo mudzakhala m'nyumba ya siwa ndipo simudzatha kumuyang'anira.