Kwa achemwali amene akuzunzika ndi kapitawo wawo ku Thyolo

Achemwali, ndawerenga dandaulo lanu loti kapitawo wanu pa esiteti ya tiyi amakukalipirani pamaso pa anzanu, kuti mayi wina wa m'gulu lanu amakunenerani mabodza kwa iye, ndiponso kuti mwatsala pang'ono kungosiya ntchito osatsanzika. Ndikukupemphani kuti musachoke motero, ndipo musabwezere mawu pagulu, ngakhale mtima ukuwawa chotani.

Lamulo la ntchito la chaka cha 2000, lotchedwa Employment Act, limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso asanapatsidwe mpata woyankhapo pa zimene akumunenazo. Koma lamulo lomwelo limalola bwana kuchotsa nthawi yomweyo, popanda notisi, munthu amene wakanira dala ntchito yoyenera kapena wajomba popanda chilolezo ndi chifukwa chenicheni. Mukatukwana kumunda kapena mukangokhala kunyumba, ndiye kuti mwamupatsa nokha kapitawoyo chikwapu choti akukwapuleni nacho.

Ine ndinagwirapo ukalaliki wa pa sikelo pa esiteti ina konkuno, ndipo sindiiwala mayi wina amene kapitawo ankamubwezera tiyi pafupifupi tsiku lililonse, ponena kuti wathyola masamba okhwima m'malo mwa masamba awiri ndi kansonga, pomwe tiyi wa anzake wofanana naye ankadutsa. Mayiyo sankakangana naye. Anali ndi kakope kakang'ono kamene ankakakulunga m'jumbo poopa mvula, ndipo akachoka pa sikelo ankalembamo deti, makilogalamu ake, mawu amene wanenedwa ndi anthu amene analipo. Tsiku limene nkhani inafika kwa manijala, kapitawo analankhula zambiri, koma mayiyo anangotsegula kakope kake, ndipo titayerekeza ndi kaundula wanga manambala anagwirizana. Kapitawoyo anasamutsidwira kugawo lina. Yambani kulemba lero lomwe, chifukwa pa mlandu wa kuntchito mawu a pakamwa a wamng'ono salemera ngati a wamkulu.

Za mnzanuyo, mupezeni pa awiri poweruka, mumuuze modekha zimene mwamva, ndipo mumufunse ngati pali chimene munamulakwira. Kawirikawiri miseche yotere imakula mvula ikamatha, pamene tiyi wachepa ndipo antchito a nyengo akuopa kuti ndani atsale, ndani apite. Mantha amenewo sakulungamitsa bodza, koma kuwadziwa kudzakuthandizani kulankhula naye mosapsa mtima. Dzina lake kapena la kapitawo musalilembe poyera kapena pa WhatsApp, popeza zimenezo zikhoza kukutembenukirani.

Kapitawo nayenso muyambe mwamuonera pambali, mwaulemu, n'kumupempha kuti akaona cholakwa azikuuzani panokha. Zikapanda kusintha, kaonaneni ndi nthumwi ya bungwe la antchito a m'maesiteti la PAWU, ndipo mulembe kalata kwa manijala kapena ku ofesi yoona za antchito, inu n'kusunga ina yofanana nayo yokhala ndi deti. Pakakanika pamenepo, pitani ku ofesi ya leba pa boma la Thyolo, kumene amaitana mbali zonse ziwiri, ndipo kukalephereka kumeneko nkhani imapita ku khoti loona milandu ya kuntchito la Industrial Relations Court ku Blantyre. Ngati angakuchotseni mosayenera, kadandauleni ku leba isanathe miyezi itatu kuchokera tsiku limene mwachotsedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna kuti muchipirire ngakhale tsiku limodzi. Ngati nkhanzazi zinayamba chifukwa munamukana kapitawoyo atakufunsirani, kapena amakugwirani thupi inu musakufuna, umenewo ndi mlandu pa lamulo la Gender Equality Act la chaka cha 2013. Zikakhala choncho musakumane naye pa awiri ayi. Tengani kakope kanu ndi munthu amene mumamukhulupirira, mukanene kwa akuluakulu a esiteti ndi kupolisi.