Mafunso ndi Mayankho: Batire Lopepuka la Chisoti Choteteza ku Fumbi la Matabwa

FUNSO: Akonzi, ndine kalipentala ndipo ndimagwira kwambiri mlombwa ndi mbawa. Mlamu wanga ananditumizira kuchokera ku Britain chisoti chokhala ndi kafani kamene kamakoka mpweya kudzera m'masefa n'kuupemerera kumaso. Batire lake, lolembedwa NiMH 3.6V, lafooka moti silikwanitsanso maola awiri, komanso pofika madzulo khosi limakhala litauma. Kodi ndingaikemo batire lopepuka la lithium, longa la m'matochi? — Kalipentala, Ndirande

YANKHO: Bambo, mphamvu yake ikugwirizana ndithu, ndipo n'chifukwa chake amisiri ambiri amakopeka. M'kati mwa batire lanulo muli timabatire titatu ta 1.2V tolumikizidwa mondondozana, pamene batire limodzi la lithium lotchedwa 18650 limapereka 3.6V kapena 3.7V palokha, ndipo limalemera pafupifupi magalamu 45 okha. Ngakhale zili choncho, chimene mungachotse pamutu sichiposa kulemera kwa foni ya m'manja, komanso m'zisoti zimene batire limakhala kunkhongo, kulemera kwakeko n'kumene kumaletsa galasi lakumaso kukokera mutu kutsogolo. Mukalipeputsa kwambiri, chisoti chimapendekekera pachipumi, ndipo khosi lija limavutika koposa kale.

Nkhani yaikulu ndi tchaja. Batire la lithium limayenera kusiya kulandira moto likafika 4.2V, koma tchaja ya NiMH siidziwa malire amenewa, choncho ikhoza kulitenthetsa mpaka kuyaka, ndipo moto wotere m'shopu modzaza utuchi ndi vanishi suzimitsika msanga. Limafunanso kabolodi ka zamagetsi koliteteza kuti moto wake usatsike kwambiri, koma kabolodiko kamadula moto mwadzidzidzi popanda chenjezo, mwina inu muli pakati posalaza tebulo ndi sandipepa, chifukwa belu lochenjeza la chisoticho analikonzera batire la mtundu wina. Pamsika samalaninso ndi mabatire a 18650 olembedwa 9,900mAh (mAh ndi muyezo wa moto umene batire limasunga), poti enieni amalekeza pafupi ndi 3,500mAh.

Musaiwale kuti zisoti zotere ku Ulaya zimayesedwa pa muyezo wa EN 12941 zili zathunthu, batire ndi masefa omwe. Cha gulu la TH2 chimayenera kulowetsa fumbi losapitirira magawo 2 pa 100, ndipo mukasintha batire, palibenso amene angakutsimikizireni zimenezo. Fumbi la matabwa si loseweretsa ayi: bungwe la padziko lonse lofufuza za khansa la IARC linaliika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1995, ndipo la mitengo yolimba ndilo limagwirizanitsidwa kwambiri ndi khansa ya m'mphuno.

Ine ndingakulangizeni kuti mupemphe mlamu wanu akugulireni batire lenileni la chisoticho. Zikakanika, pitani kwa wodziwa zamagetsi atsegule chikhokhombe cha batire lakalelo n'kuikamo timabatire tatsopano ta NiMH tofanana ndi takale kukula ndi mphamvu, osachotsa kachipangizo koteteza kutentha ngati kalimo, kuti tchaja yanu ipitirire kugwira ntchito. Timabatire tating'onopo tingapepuke, koma maola amachepa, choncho mungafunike mabatire awiri osinthanitsa masana.

Ngati khosi likupwetekabe, yambani mwakonza malamba a m'kati kuti kulemera kukhale paliwombo. Ena amatsitsira batire m'chiuno ndi waya, koma waya wolendewera pafupi ndi makina ozungulira ine sindiukhulupirira. Mukadzapeza ndalama, ganizirani mtundu ngati 3M Versaflo, umene fani ndi batire la lithium zimakhala pa lamba wa m'chiuno, mpweya n'kumakwera ndi paipi. Batire lililonse limene mungasankhe, yesani mpweya m'mawa uliwonse ndi kachipangizo koyesera kamene kamabwera ndi chisoti, ndipo ukachepa batire lili lodzaza, sinthani masefa musanayatse makina.