Mwana akufuna chemistry ya mabatire, bambo akuti unesi

Bambo wina wa ku Kapata ku Chipata, amene amagulitsa ndi kulumikiza zipangizo za sola, watifunsa za mwana wake wamkazi wa Giredi 11. Mtsikanayo akuti sakupuma kufunsa chifukwa chimene mabatire a lithium oikidwa m'nyumba za malata zopanda siling'i amafookera msanga, ndipo tsopano akuti adzaphunzira chemistry. Bambowo akufuna mwana achite unesi, poti "chemistry imathera pa choko basi."

Bambo, funso la mwana wanulo lili ndi yankho, ndipo kunja kuno alipo anthu amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi chifukwa cha funso lomwelo.

M'kati mwa batire la lithium muli mbali ziwiri, ndipo pakati pake pali madzimadzi otchedwa electrolyte, momwe lithium amadutsa popita uku ndi uku. Mbali imene imasunga lithium batire likamatchajidwa ndi anode, yomwe kawirikawiri imakhala graphite wopakidwa pa kapepala kopyapyala ka mkuwa. Batire likatchajidwa koyamba, kufakitale komweko, madzimadzi aja amaola pang'ono pomwe akhudza graphite, n'kusiya kakhungu. Wasayansi Emanuel Peled ndiye adakatcha SEI (solid electrolyte interphase) mu 1979. N'kopyapyala kwambiri, kuposa tsitsi limodzi kambirimbiri, koma moyo wa batire wagona pamenepo. Kali ngati nkhoko mumphika wa nsima: zikakhala zopyapyala n'kugwira bwino, nsima yotsalayo sipserera, zikamangokhuthala, ndiye kuti ufa wanu ukuthera pamphika. Kakhungu kabwino kamalola lithium kudutsa koma kamatsekereza ma electron, choncho madzimadzi aja amaleka kuola. Koipa kamang'ambika, kenaka kamapangikanso, ndipo nthawi iliyonse kamadya lithium amene sabwereranso. Kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Ndiye batire limene lakhala pansi pa malata mu Okutobala, likutchajidwa dzuwa lili paliwombo, likutha mphamvu mwakachetechete ngakhale kunja likuoneka latsopano.

Tsono apa ndi pamene wa chemistry amadyera. Madzimadzi aja ndi mchere wa lithium wotchedwa LiPF6, wosungunulidwa mu ethylene carbonate ndi anzake. Akatswiri atayesa propylene carbonate, yemwe amasiyana ndi ethylene carbonate pang'ono chabe, adapeza kuti amalowa pakati pa timapepala ta graphite n'kutisenda, batire n'kufa. Lero opanga mabatire amathiramo timankhwala tina pang'onong'ono, mwina magawo 1 kapena 2 pa 100 alionse. Kodziwika kwambiri ndi vinylene carbonate. Iko kamafulumira kuola madzi enawo asanayambe, n'kuyala kakhungu kolimba koyambirira. Anode ikakhala ndi silicon, vuto limakula: graphite akamwa lithium amatupa ndi magawo pafupifupi 10 pa 100, koma silicon amatupa pafupifupi 300, kakhungu n'kuphwanyika ulendo uliwonse. Pamenepo amathira fluoroethylene carbonate, yemwe amasiya lithium fluoride wambiri m'kakhungumo n'kukathandiza kupirira. Ukathira wochepa sagwira ntchito; ukachulutsa, kakhungu kamakhuthala, batire limavuta kutchaja, nthawi zina limatulutsa mpweya n'kutupa. Munthu amatha miyezi akusintha mlingo pang'onopang'ono, akumanga timabatire tonga tindalama tachitsulo m'bokosi lopanda chinyezi, poti LiPF6 akakumana ndi madzi amatulutsa asidi woopsa. Si ntchito ya munthu wamtima wapachala.

Koma ndisakunamizeni. Ntchito imeneyi ku Chipata kulibe, ndipo malabu ake akuluakulu ali ku China, Japan, South Korea, Ulaya ndi America. Zambia ndi DRC zidasainirana pangano mu Epulo 2022 loti zigwirizane pa zopanga mabatire a galimoto zamagetsi, koma pangano si fakitale. Chimene tili nacho ndi miyala: mkuwa ku Copperbelt ndi North-Western, graphite kwa anansi athu ku Balama ku Mozambique ndi ku Kasiya ku Malawi. Wofuna kukafika pa SEI penipeni akufunika digiri yoyamba, kenaka masters kunja, nthawi zambiri ya sikolashipu. Njira ndi yaitali kuposa ya unesi, ndipo malipiro amachedwa kuyamba. Zimenezo muziwerengere ndi thumba lanu.

Zoti chemistry imathera pa choko, ayi, pamenepo sindikuvomerezani. Migodi ili ndi malabu oyeza miyala, makampani a madzi amayeza madzi tsiku ndi tsiku, kuli a simenti, a feteleza, a ZABS oona za miyezo ya katundu ndi a ZEMA oona za chilengedwe. Akapanda kupita kunja, sagona ndi njala chifukwa cha digiri imeneyi.

Iwe mwanawe, tamvera. Ngati sukulu yako ili ndi kalasi ya pure sciences, gwira Chemistry ndi Physics paokha. Ngati ukulemba Science yophatikiza, usataye mtima, koma uikhoze bwino zedi. Masamu usawanyoze. Ku Copperbelt University ku Kitwe kuli Chemical Engineering, ndipo ngongole ya HELSB, bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ndalama, uyifunsire msanga zotsatira za Giredi 12 zikangotuluka. Ubwino wake, maphunziro omwewa ndi amene amafunikanso ku unesi, choncho chaka chino iwe ndi atate ako mulibe chokanganirana.

Pakadali pano lowa JETS, kalabu ya sayansi ya m'masukulu. Pempha atate ako ma power bank awiri ofanana. Ina uziisunga pa shelefu pansi pa malata, inayo pamalo ozizira m'nyumba, ndipo sabata iliyonse uzitchaje zonse mpaka kudzaza, uyatsire babu lomwelo, ulembe maola amene layaka pamodzi ndi kutentha kwa malowo. Uchite zimenezi teremu yonse. Usaike padzuwa, usatsegule ndi mpeni pofuna kuona kakhungu kaja, poti ndi maso sungakaone ndipo batire likabooka limatha kuyaka moto. Likayamba kutupa, lichotse m'nyumba tsiku lomwelo.