Kuumitsa maapozi pamodzi ndi ana

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva uthenga wanu uja, woti mwagula beseni lonse la maapozi pa Lizulu, ena ayamba kufewa, ndiye mukufunsa ngati angayanikidwe ngati mfutso, komanso ngati ana angathandizeko poti ali pa holide. Eee, zimatheka. Nyengo ino ya masika, mvula yatha, dzuwa lilipo. Koma musachedwe nazo, chifukwa tikalowa mu Juni ndi Julaye, nkhungu ya kuno kwathu ndi chiperoni sizilola kanthu kuuma.

Muyambe ndi kusankha. Apozi lomwe langophwanyika mbali imodzi, dulani mbaliyo, lotsalalo ndi labwino. Koma lowola, lomwe lachita chuku, tayani lonse, musalimvere chisoni. Poizoni wa chuku amalowerera mkati kupitirira pomwe maso akuonera, ndipo dzuwa silimupha.

Ana asambe m'manja ndi sopo, atsuke maapoziwo, komanso afinye mandimu. Mpeni ndi wanu akuluakulu. Mu lita imodzi ya madzi aukhondo mufinyiremo mandimu awiri kapena atatu. Madzi amenewa akhale pambali musanayambe kudula, chifukwa apozi likangodulidwa n'kukumana ndi mpweya limayamba kuda pompopompo. Kuwawasa kwa ndimu ndi kumene kumaletsa zimenezo. Mandimu akasowa, theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi limathandizanso. Mukapanda kuviika sikuti aonongeka ayi, amangooneka oderako, ndiye mukudziwa ana, chinthu chikada amachikana.

Tsopano podula, apa mumvetsetse. Chotsani pakati paja pali njere. Khungu mutha kulisiya, kungoti limachedwetsako kuuma ndipo limalimba potafuna. Ngati odya ndi ana ang'onoang'ono, sendani. Zidutswa zikhale zopyapyala, theka la sentimita, kuchepera pang'ono kunenepa kwa pensulo. Ndipo zikhale zofanana. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa: china chopyapyala, china chochindikala, ndiye chopyapyalacho chimauma tsiku lachiwiri, chochindikalacho chimauma kunja kokha mkati muli madzi. Mukaziika m'botolo limodzi, chimodzi chokhacho chimayambitsa chuku botolo lonse.

Muviike m'madzi a mandimu aja mphindi 10, muvuule, mupukute ndi kansalu koyera. Ofuna sinamoni awazepo pang'ono pano. Shuga musathire, madzi akachoka kutsekemera kumachuluka kokha, ndipo shuga amangoitana nyerere.

Poyanika, malichero ndi abwino chifukwa mphepo imadutsa pansi. Muwaike pamwamba, pathandala, kutali ndi nkhuku, mbuzi ndi fumbi. Chidutswa chilichonse pachokha, osasanjikiza. Pamwamba muphimbe ndi kansalu kopyapyala kotchinga ntchentche, koma osati neti ya udzudzu ija, ili ndi mankhwala. Pamalata musayale mwachindunji, ngakhale pamatentha bwino, chifukwa chipatso chowawasa chimadyana ndi chitsulocho. Ngati mwadula mozungulira, pakati pali bowo, apatseni ana ulusi wolimba atunge zidutswazo, asiye mpata wa chala pakati pake, mumangirire pakhonde pomwe pamafika dzuwa. Ntchito imeneyi amaikonda kwambiri, kungoti muziwerenga, zina zimathera m'kamwa.

Kutembenuza kawiri patsiku, ana angathe. Dzuwa likapendeka, cha m'ma 4 koloko, lowetsani m'nyumba. Musaiwale zimenezi alamu, mame a usiku umodzi amabweza ntchito ya tsiku lonse. M'mawa mudikire nkhungu ichoke kaye musanatulutse. Dzuwa likakhala labwino, masiku atatu kapena anayi zatheka. Kukachita mitambo masiku awiri otsatizana, malizitsani mu uvuni ngati ilipo: moto wochepetsetsa, madigiri 60, chitseko chotsekula pang'ono kuti nthunzi izituluka. Kuyambira pachiyambi mu uvuni zimatenga maola 6 kapena kupitirira. Mukakweza moto kuti zifulumire, mwaphika, kunja kumauma gwa, madzi n'kutsekeredwa mkati. Pambaula ayi, zimangonunkha utsi.

Kuti mudziwe kuti zauma, tengani chidutswa chochindikala kuposa zonse, chizizire kaye, chifukwa chotentha chimanamiza, chimaoneka chofewa. Chipindeni. Chizipindika osathyoka, osamata m'manja. Muching'ambe pakati n'kufinya; pakaoneka kadontho kapena kunyezimira kwa madzi, bwezerani padzuwa. Musadabwe zikachepa, apozi ndi madzi okhaokha, pa makilogalamu 10 mutsala ndi kilogalamu imodzi ndi pang'ono.

Musathamangire kusunga. Ikani m'botolo lagalasi louma bwino, losadzaza, mutseke, ndipo ana azilikhutchumula tsiku lililonse kwa sabata imodzi. Zimenezi zimathandiza kuti chinyezi chotsala chigawanike mofanana. Mukaona thukuta m'kati mwa galasi, sizinaume, tulutsani muyanikenso. Popeza zayanikidwa panja, pakhoza kukhala mazira a tizilombo osaoneka. Ngati muli ndi filiji ya mbali youmitsa ija, ikanimo masiku awiri mutamanga m'pepala la pulasitiki, mazirawo amafa.

Kenako botolo likhale malo ozizira, amdima, osati pawindo kapena pafupi ndi moto. Zouma bwino zimakhala miyezi 6 osaonongeka. Mugawe m'timabotolo ting'onoting'ono, chifukwa lalikulu likamatsekulidwa tsiku ndi tsiku limakoka chinyezi.

Kamwana kanu kakang'ono kaja musakapatse zouma chomwecho, kangatsamwidwe. Muviike m'madzi otentha mphindi 15 zifewe, muduledule, muthire m'phala. Akuluakuluwo adye, koma azitsuka mano, zimakanirira m'mano zimenezi.