Tayala latsopano lasendeka pamsewu, kodi ndataya basi?

FUNSO: Ndimayendetsa Sienta yonyamula anthu pakati pa Blantyre ndi Lunzu. Mwezi watha ndinagula matayala awiri atsopano m'sitolo ina ku Limbe. Patangotha masabata atatu, lakumbuyo linasendeka mphira wa pamwamba ndili paulendo, mawaya onse poyera, galimoto n'kukathera m'ngalande. Mwamwayi palibe amene anavulala, koma rimu ndi bampala zinaonongeka. Mwini sitolo anangondilozera chikwangwani choti katundu akagulidwa sabwezedwa, n'kunena kuti sanandipatse galanti. Risiti ndili nayo. Nditani? — Dalaivala, Chirimba

YANKHO: Pepani achimwene, ndipo tithokoze kuti inu ndi anthu amene munanyamula muli moyo. Simunataye ayi.

Pali galanti ina yosalembedwa papepala, imene lamulo limaika lokha pa malonda. Lamulo lathu la Sale of Goods Act limati ukagula katundu kwa munthu amene ntchito yake ndi kugulitsa katundu wa mtunduwo, katunduyo ayenera kukhala wabwino, wotha kugwira ntchito imene anthu amamugulira. Ngati munawauza kuti matayalawo ndi a Sienta yonyamula anthu, iwo n'kukusankhirani, ndiye kuti mlandu wanu walimbanso. Chikwangwani chija chisakuopseni. Lamulo la Competition and Fair Trading limaletsa wamalonda kukana udindo pa katundu wachilema, ndipo bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) limalandira madandaulo otere.

Pamene pagona nkhani ndi pa umboni. Mwini sitolo adzati munagunda dzenje, munadzaza anthu mopyola muyeso, kapena mumayenda ndi mpweya wochepa. Tisanamizane, zinthu zimenezi zimaonongadi matayala. Choncho tayalalo ndiye mboni yanu yaikulu. Musalisiye kusitolo, musalipereke kwa anyamata osoka nkhwaira. Lijambuleni mbali zonse, ndipo ngati zibenthu za mphira munatola, musunge. Lakumanzere kapena lakumanja limene munagulira limodzi lija mulichotsenso lero lomwe, ndikukupemphani, musanyamulirenso anthu.

Kenako pezani katswiri wa matayala amene si mnzake wa mwini sitolo, aliyang'ane ndi kulemba zimene waona. Tayala logunda dzenje nthawi zambiri limatupa kapena kung'ambika pambali. Mphira kusendeka mozungulira pa tayala la masabata atatu kumaloza ku vuto lina: mphira ndi mawaya a m'kati sizinagwirane bwino popanga, kapena tayalalo linakalamba. Zoterezi zinachitikapo ku America m'chaka cha 2000, pamene kampani ya Firestone inauza anthu kuti abweze matayala ake 6.5 miliyoni, ambiri mwa iwo a pa galimoto za Ford Explorer, chifukwa cha kusendeka komweku.

Onaninso pambali pa tayalalo pamene palembedwa DOT. Manambala anayi omalizira amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Ine zimandiwawa kuona madalaivala akugula tayala poyang'ana kunyezimira kokha, pamene tayala limakalamba ngakhale lili pa shelefu. Ngati lanu lili ndi zaka zambiri koma anakugulitsani ngati latsopano, funso limenelo ayankhe ndi iwo.

Musalole kuti akutumizeni kwa opanga tayala kunja kwa dziko. Ndalama munapereka ku Limbe, ndipo mgwirizano wanu uli ndi mwini sitoloyo. Iye akalimbane ndi amene anamuodetsa.

Mulembereni kalata yofuna ndalama za tayala pamodzi ndi zokonzetsera rimu ndi bampala, muikemo fotokope ya risiti ndi mitengo ya kugalaji, mumupatse masiku 14. Akapanda kuyankha, pitani nazo ku CFTC kapena ku bungwe loimira ogula la Consumers Association of Malawi kuno ku Blantyre, ndipo khothi la majisitireti nalonso limamva milandu yotere. Risiti yeniyeniyo isachoke m'manja mwanu.