Kodi "ordeal" ndi mavuto basi?

Funso: Ndimamasulira nkhani zochokera m'Chingerezi, ndipo ndikapeza mawu oti "ordeal" ndimangolemba kuti "mavuto". Kodi ndikulondola?

Yankho: Simukulakwa kwenikweni, koma mawuwo mukuwasukulutsa. "Mavuto" ndi thumba lalikulu: kusowa ya sopo ndi vuto, njinga kuphwa ndi vutonso. "Ordeal" ndi zowawa zimene zili ndi poyambira ndi pothera, zoti munthu akatulukamo amasimba mokoka mpweya, monga kuchezera mumtengo usiku wonse madzi atasefukira.

Mawuwa anachokera kubwalo la milandu. M'Chingerezi chakale "ordal" chinali chiweruzo, ndipo Ajeremani mpaka lero chigamulo amachitcha "Urteil". Ku England, woganiziridwa mlandu ankamunyamulitsa chitsulo chamoto, n'kumumanga dzanjalo ndi nsalu. Pakatha masiku atatu ankamasula: bala likamapola bwino ndiye kuti Mulungu wamuyeretsa, likachita mafinya ndiye kuti ngolakwa. Mu 1215 msonkhano wa Lateran ku Rome, womwe anaitanitsa Papa Innocent III, unaletsa ansembe kudalitsa mwambowu. Mwambo unazilala, mawu n'kutsala, atanyamula ululu wokhawokha popanda woweruza.

Kodi zimenezi n'zachilendo kwa ife? Ayi ndithu. Makolo athu ankamwetsa mwavi: wosanza ankatuluka woyera, womwalira ankati anali mfiti. Boma la atsamunda linaletsa zimenezi m'lamulo la za ufiti la 1911. Dzina la mtengowo likadalipo pa nkhalango ya Mwabvi ku Nsanje, m'kalembedwe kakale ka "bv".

Choncho "trial by ordeal" m'nkhani ya kwathu kuno ndi "kumwetsa mwavi". Koma chonde Mngelezi wakaleyo musamumwetse mwavi. Fotokozani kuti ankamuyesa ndi chitsulo chamoto.

Pa tanthauzo la masiku ano, ine ndimakonda mneni kuposa dzina, chifukwa Chichewa chimayenda bwino choncho. M'malo mwa "anafotokoza mavuto ake", lembani kuti "anasimba zoopsa zimene anaona", kapena "anaona zakuda". Ngati pali wina amene ankamuchita nkhanza, "mazunzo" akukwana. "Mayesero" ali pafupi ndi tanthauzo lakale lija, koma amanunkha kutchalitchi, ndiye m'nkhani ya munthu wobedwa ndi achifwamba ine sindingawaikemo.